Zilombo Zopanda Ng'oma ku Mua

Pansi pa mapiri a Dedza, kufupi ndi Mtakataka, pali mishoni ya Mua imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902. M'zaka zoyambirira ansembe ndi anyau sankamwerana madzi, pakuti sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo. Koma pamalo pomwepa mpamene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa KuNgoni mu 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400.

Ine ndimachiona chipinda cha zigobazi ngati ntchito yaluso payokha. Munthu ukalowamo umangozindikira kuti wayamba kunong'ona. Nkhope zakuda, zofiira ndi zoyera zimakuzinga, ndipo iwe wobwera kudzaona ndiwe umasanduka woonedwa. Chadzunda, Maliya ndi Simoni, amene pabwalo amakudutsa ngati kamvuluvulu, pano amakulola kuwayang'anitsitsa. Ndiye umaona nzeru za wosema: nkhope yofiira ya Simoni ndi chitonzo cha mzungu wopsa ndi dzuwa. Kuti chitonzo chotere chisungidwe pabwalo la mishoni, ndi kukhwima maganizo koyenera kuyamikidwa.

Komabe bata lomweli ndi limene limandivuta. Gule ndi ng'oma, fumbi, nyimbo za amayi ndi mantha a ana. Chilombo chimatuluka pamaliro kapena pachinamwali, chili ndi mwambo woti chiphunzitse. Chikakolekedwa kuti aliyense achione, wometa ndi wosameta yemwe, chimakhala chigoba chabe, ndipo chinsinsi cha kudambwe chimachepa mphamvu.

Ndikayerekeza ndi zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, kusiyana kumaoneka. M'malo 127 a m'deralo, monga Namzeze ndi Mphunzi, zojambula zili pomwe eni ake anazisiya, ndipo phiri lenilenilo ndi mbali ya uthenga. Koma dzuwa, mvula ndi anthu olemba maina awo pamiyala zimaziwononga, pamene za ku Mua zili pansi pa denga.

Choncho sindinganene kuti zigoba zichoke ku Chamare. Pempho langa ndi lakuti wotuluka m'chipindacho asadzinamize kuti waona Gule Wamkulu. Apite kumudzi, akapemphe chilolezo kwa mfumu, akaime pabwalo mpaka ng'oma zilire.