Za Aphunzitsi Awiri a Zojambula

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina ananena kuti luso la zojambula siliphunzitsika, munthu amachita kubadwa nalo. Ndinakhala chete tsiku lija, koma mawuwo andivuta mumtima, choncho ndiyankha pano.

Ku Denmark kunali mmisiri dzina lake C.W. Eckersberg, amene anabadwa mu 1783 namwalira mu 1853. Anaphunzira ku Paris kwa Jacques-Louis David, anakhalako ku Rome, ndipo mu 1818 anayamba kuphunzitsa pa sukulu yaikulu ya zaluso ku Copenhagen. Zithunzi zake ndi zaudongo zedi, mizere yoyezedwa bwino, monga ankafunira okonda luso la Agiriki ndi Aroma akale. Ine sizinditenga mtima kwenikweni. Chimene ndimamulemekezera ndi chakuti ankatulutsa ophunzira m'kalasi kuti akajambule zimene akuona ndi maso awo panja. Christen Købke, amene ndimamuona ngati woposa mphunzitsi wakeyo, anatuluka m'gulu limeneli.

Kwathu kuno wofanana naye ndi Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada. Anafika m'Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 anayambitsa KuNgoni ku Mua, m'boma la Dedza. Nawonso anaphunzitsa osema kuyang'ana zapafupi, mpaka Yesu ndi Mariya anayamba kutuluka mu mtengo ali ndi nkhope zathu. Apa mnzanga uja wagonja: manja amaphunzitsika, maso nawonso.

Koma pali pamene ndakakamira. Ine kwathu ndi ku Dowa, kumene gule wamkulu si nkhani ya m'mabuku. Nditalowa m'nyumba ya Chamare ku Mua ndinaona zilombo mazanamazana zitandandalikidwa mwadongosolo. Ntchitoyo ndi yaikulu, ndipo popanda iyo zambiri zikadadyedwa ndi chiswe n'kuiwalika. Komabe Chadzunda amene ndimamudziwa ine amatulukira m'fumbi pa maliro, mbalule ikulira, amayi akuyimba, ife ana titabisala kuseri kwa nkhokwe mtima uli thithithi. Wa ku Mua uja waima duu, ndipo mlendo aliyense angamuyang'anitsitse mmene afunira. Nkhope yasungidwa, koma mantha aja sanalowe nawo m'nyumbamo. Udongo womwewo umene umandiziziritsa pa zithunzi za Eckersberg ndinaupezanso kumeneko.

Malume anga, amene analowa kudambwe ali mnyamata, nditawafotokozera zimenezi anangofunsa kuti, "Nanga chilombocho chinakuthamangitsa?" Ndinati ayi. Iwo anaseka, napitiriza kusenga chimanga chawo.

Ndikadakonda kuona wina wophunzira luso limeneli atakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi nthawi ya chilimwe, akakhale pambali pa bwalo, ayese kujambula fumbi lija.