Kalipentala wofunsa chifukwa chake

Ndimayamikira aphunzitsi a ukalipentala, kaya a ku Soche Technical College kapena amisiri ophunzitsira pansi pa mtengo, amene amalola wophunzira kufunsa chifukwa chake thabwa liyenera kuuma lisanapalidwe. Ena amati nthawi ndi yochepa, mwana azingotsanzira manja a mmisiri basi. Koma mlombwa ndi mbawa zikusowa, ndipo ambiri tsopano akugwiritsa ntchito paini wa ku Chikangawa ndi bulugamu, mitengo yomwe imapindika ndi kung'aluka mosiyana ndi ija yakale. Wongoloweza miyezo amasowa pogwira mtengo ukasintha, ndiye amakhalira ganyu kwa ena. Womvetsa mmene thabwa limachepera likamauma amasankha yekha kalumikizidwe, amawerengera yekha ndalama za chitseko, ndipo wogulitsa matabwa aawisi sangamupusitse.