Luso Lodikira Mlendo wa Namondwe

Wailesi ikalengeza za namondwe, ambiri timathamangira kulimbitsa madenga. Koma alipo ena ochepa amene, akatha zimenezo, amatsegula mapu a zanyengo ochokera ku Météo-France pachilumba cha La Réunion n'kuyamba kuwerengera njira imene mphepo idzere. Awa ndi akatswiri oona mbalame, ndipo chimene akusaka ndi mbalame ya kunyanja yamchere imene yasochera kumtunda.

Mlendo amene amamudikira kwambiri ndi Sooty Tern, mbalame yakuda kumsana, yoyera kumimba, yolemera pafupifupi magalamu 200. Imaswana mwaunyinji pazilumba za Juan de Nova ndi Europa, pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Nthenga zake sizichedwa kunyowa, choncho sikonda kutera pamadzi. Kupatula nthawi yoswana, moyo wake wonse ndi wamumlengalenga. Apa ndi pamene pagona tsoka lake. Namondwe akaipeza, ilibe pousa. Zina zimakankhidwa ndi mkuntho, zina zimatsekeredwa m'diso la namondwe, pakati pomwe pali bata, n'kumauluka momwemo mpaka chimphepocho chitafookera kutali ndi gombe.

Chimene chimandigometsa ndi momwe katswiri amasankhira poima. Iye amadziwa kuti kuno kumwera kwa dziko lapansi namondwe amazungulira monga momwe imayendera mivi ya wotchi. Ndiye akagunda gombe la Mozambique, mphepo yochokera kunyanja kulowa kumtunda imakhala kumwera kwa diso lija. Kumpoto kwake mphepo imawombera kunyanja. Wosadziwa amangothamangira kumene kwagwa mvula yambiri. Wodziwa amayang'ana kumene kwadutsa diso ndi kumwera kwake, kenaka n'kufufuza pamapu damu lalikulu kapena mtsinje wotakata. Mbalame yozolowera nyanja ikaona madzi ambiri imapatukira pomwepo. Nzeru yake ndi yomweija ya msodzi wa ku Nkhotakota amene amamva mwera usanafike.

Zinaoneka bwino mu 2021. Namondwe Eloise atagunda pafupi ndi Beira pa 23 Januwale n'kulowera kumtunda, mbalamezi zinapezeka pamadamu ndi m'mitsinje ya kumpoto chakum'mawa kwa South Africa, ngakhalenso m'nkhalango ya Kruger, makilomita mazanamazana kuchokera kwawo. Amene anawerenga mphepo msanga anaziona. Amene anadikira kuti kunja kuche bwino ambiri anapeza madzi okhaokha. Mlendo ndi mame.

Kufika pamalo ndi chiyambi chabe. Pamadamu pamakhala kale abale ake a m'madzi opanda mchere, monga Whiskered Tern, ndipo mvula ikamawaza zonse zimaoneka zotuwa. Katswiri amaima pansonga pomwe madzi onse akuonekera, dzuwa lili kumbuyo, magalasi oonera patali ali m'maso, osaphethira. Amayamba ndi kaulukidwe: mapiko aatali, kukupiza kwamphamvu, mchira wamphanda. Kenaka chipumi. Kuyera kwa pachipumi kukalekezera padiso, ndi Sooty Tern; kukapitirira kuseri kwa diso ngati nsidze, msana n'kukhala wotuwirako, imeneyo ndi mbalame ina yofanana nayo, Bridled Tern. Kusiyana kwake n'kochepa ngati njere ya mpunga, pa mbalame imene ikuuluka patali. Mtima umafuna kufuula kuti ndaiona, koma iye amaugwira mpaka atatsimikiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo sasekerera mopitirira. Amadziwa kuti kunyanja mbalameyi imadya tinsomba tothamangitsidwira pamwamba ndi nsomba zikuluzikulu za tuna, zimene padamu palibe. Zina zimabwerera kwawo, zambiri zimafa ndi njala ndi kutopa. Chimene angaichitire n'chimodzi: amatulutsa kabuku kake konyowa, n'kulemba tsiku, ola, malo, kumene mphepo imachokera, ndi pamene diso la namondwe linali m'mawa umenewo. Namondwe wina akadzabwera, amene adzawerenge mizere imeneyo adzadziwa damu loyamba kupitako.