Mayina a Midzi m'Nyimbo Yopempha Chithandizo: Miranda, Napolo ndi Namondwe wa Freddy

M'nkhani ino tifuna kusanthula nyimbo imodzi yopempha chithandizo, ndi kuona ngati alakatuli ndi oimba a Chichewa angatolepo kanthu. Nyimboyi ndi "Almost Like Praying", imene Lin-Manuel Miranda anatulutsa pa 6 Okutobala 2017, patapita masiku 16 namondwe wa Maria atasakaza chilumba cha Puerto Rico. Anaimba pamodzi ndi Marc Anthony, Jennifer Lopez, Gloria Estefan, Rubén Blades ndi ena, ndipo ndalama zake zinapita ku bungwe la Hispanic Federation. Mwambo wotere si wachilendo: mu 1971 Ravi Shankar ndi George Harrison anachita zofanana ku New York pothandiza anthu a ku Bangladesh.

Chimene chatikopa ndi kaumbidwe ka mawu ake. Kupatula kachigawo kobwerekedwa ku nyimbo ya "Maria" ya m'sewero la West Side Story, pafupifupi mawu onse a nyimboyi ndi mayina a matauni 78 a pachilumbapo, osasiyako ndi limodzi lomwe. Mulibe chithunzi cha mwana wolira, mulibe chiganizo chochonderera womvera kuti apise m'thumba. Maganizo amenewa anachokera kwa anthu eni ake: magetsi ndi mafoni zitafa, abale okhala ku America ankalemba pa intaneti mayina a kwawo, kufunsa ngati alipo amene wamvako mbiri. Motero dzina lililonse m'nyimbomo ndi funso la maliro, ngakhale kuti ng'oma zake ndi zachisangalalo. Mzinda waukulu wa San Juan ndi tauni ya m'mapiri ya Utuado zapatsidwa mpweya wofanana pakamwa pa woimba. Tionenso kuti mayina monga Mayagüez ndi Humacao ndi otsalira a chiyankhulo cha Ataíno, kotero kuti nyimboyi, mwina mosadziwa, yasunganso chiyankhulo chimene atsamunda anachimeza.

Komabe sitingaiyamikire mpaka kutseka maso. Mndandanda wa mayina sutha kuloza chala. Suuza womvera chifukwa chimene anthu pafupifupi 2,975 anafera, kapena chimene magetsi anatengera miyezi pafupifupi 11 kuti abwerere paliponse. Ophunzira ena a pachilumbapo anadzudzula Miranda kaamba kovomereza lamulo la PROMESA la mu 2016, limene linaika chuma chawo m'manja mwa bodi yosankhidwa ku Washington. Nyimbo yofuna ndalama za aliyense imaopa kukhumudwitsa aliyense, ndipo apa m'pamene luso lake lathera.

Tsopano tibwerere kwathu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwera chigawo cha kumwera kwa Malaŵi. Phiri la Soche linagumukira Chilobwe, ndipo Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje anamira m'matope ndi m'madzi. Akufa ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000, ndipo othawa m'nyumba zawo anaposa theka la miliyoni. Kwa ife ophunzira ziyankhulo, mawu akuti "namondwe wa Freddy" ndi ofunika kuwaima pang'ono. Dzinali linaperekedwa ndi a zanyengo a ku Australia, ndipo m'Chingerezi ndi dzina la mphepoyo. Koma m'Chichewa kalumikizi "wa" wasandutsa Freddy kukhala mwini wake wa namondwe, ngati mmene tinenera kuti galu wa uje. Chiyankhulo chakana kuti tsoka likhale lopanda mwini.

Zimenezi sizikudabwitsa. Timati "mphepo yawomba", koma "namondwe wapha", ndi mgwirizano wa gulu la anthu. Ndipo "na-" woyambayo ndi wofanana ndi wa Nabanda kapena Naphiri, ngakhale sitikuumirira kuti gwero lake ndi limodzi. Chimodzimodzinso Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimati chikamasamukira kunyanja chimakokolola midzi. Napolo anadutsa mu Zomba mu Disembala 1946, ndipo nyimbo yotchuka ya Paseli Brothers inam'sunga m'makutu a anthu; anadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991. Steve Chimombo, m'buku lake la Napolo Poems la mu 1987, anatenga chinjoka chomwechi n'kuchisandutsa chophimba, kuti anene za ulamuliro wa nthawi imeneyo popanda kutchula munthu. Apa pali chimene Miranda alibe: tsoka lokhala ndi nkhope, limene munthu angalifunse mlandu. Chimombo naye alibe chimene Miranda ali nacho, pakuti analemba m'Chingerezi, ndipo ndakatulo zake sizinalembedwere kugulira wina aliyense bulangete.

Funso limene tikuika pamaso pa msonkhano uno ndi lakuti: kodi nyimbo yopempha chithandizo imaimbidwira yani? Woimba akaganiza za mabungwe akunja, amathamangira Chingerezi ndi mawu osalala monga chiyembekezo ndi umodzi, amene angakwane tsoka lina lililonse padziko. Ife tikuona kuti wopereka wokhulupirika ali pafupi kuposa apo. Ndi Mmalaŵi wosoka zovala kapena wogulitsa malonda pakati pa Pretoria, cha ku Church Square kapena ku Marabastad, amene amatumiza kale ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Iyeyu safuna kuuzidwa kuti Malaŵi ndi dziko losauka. Afuna kumva Chilobwe, Manja, Muloza, Nkhulambe, Makhanga, ndi kamvekedwe kake koyenera ka mawu okwera ndi otsika, kamene mlendo sangakatchule bwino. Stanley Onjezani Kenani anaonetsa mu 2021, posonkhetsa ndalama zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala pa mliri wa Covid-19, kuti cholembera cha mlembi pa Facebook chingathe kutsegula matumba a Amalaŵi a m'dziko ndi akunja omwe, makamaka pamene ndalama iliyonse ikuwerengedwa poyera. Miyambo yathu ya nyimbo za maliro ndi zitamando za mafuko inazolowera kale kutchula malo ndi mizere ya makolo, ndipo m'maboma a kumwera mayina ambiri otere ndi a Chilomwe, Chiyao ndi Chisena, osati a Chichewa chokha.