Ulusi Womasulidwa Dala: Luso la Kuwomba Thaulo

Kwa mmisiri wowomba nsalu, ulusi wokhwefuka ndi chinthu chochititsa manyazi. Ulusi wonse wa m'litali uyenera kukungika mofanana, ndipo ulusi wopingasa ukangodutsa uyenera kukhomeredwa pomwepo mpaka utagundana ndi unzake. Umodzi ukalekerera, nsalu imatuluka ndi kotupa, wogula n'kuibweza. Thaulo ndi nsalu imene imachita dala cholakwa chimenechi, koma mochita kuyeza, kambirimbiri, pena paliponse mofanana. Ine ndimaliona ngati chimodzi mwa zinthu zoganiziridwa bwino kwambiri zimene zili m'nyumba zathu, ngakhale timalipachika pamsomali kuseri kwa chitseko osaliyang'ana kawiri.

Liyaleni patebulo, mulekanitse ubweya wake ndi zala. Muona kuti si ubweya ayi. Ndi timalupu ta ulusi, tosadulidwa, toimirira m'mizere kumaso ndi kumsana komwe, ndipo pansi pake pali nsalu ina yopyapyala, yolimba, imene yatigwira tonse. Nsalu yapansiyo ntchito yake ndi kupirira kukokedwa, kufinyidwa ndi kuchapidwa. Kumwa madzi ndi ntchito ya timalupu. Chitenje nachonso n'cha thonje, koma mukadzipukutira nacho chimangoti nyowe nthawi yomweyo, chifukwa ulusi wake wagona ndiponso wapanikizana, madzi alibe pokhala. Mu thaulo, malo aang'ono omwewo adzaza ulusi wautali kangapo kuposa utali wa nsaluyo, ndipo pakati pa ulusiwo pali mipata yosawerengeka. Madzi ambiri amene thaulo limanyamula sakhala m'kati mwa thonje lenilenilo, amakhala m'mipatamo.

Nzeru imeneyi inakulira ku Turkey, dziko limene kusamba m'nyumba zosambiramo anthu ambiri kunali mbali yaikulu ya moyo wa m'mizinda. Mzinda wa Bursa, wa akasupe otentha ndi amisiri a nsalu, ndiwo umatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Poyamba ankadzipukutira ndi nsalu zosalala, zopyapyala. Kenako amisiri anayamba kudzutsa timalupu ndi manja, mzere ndi mzere. Inali ntchito yodya masiku, choncho nsalu yotere sinali ya aliyense.

Mu 1850 Mngelezi wina, Henry Christy, munthu wa kubanki amenenso ankakonda kuyenda ndi kusonkhanitsa zinthu zopangidwa ndi mitundu ya anthu, anaona nsalu zimenezi ku Constantinople, ku Turkey komweko, n'kutengako kupita nazo kwawo. Banja lake linali ndi fakitale ya nsalu ku Droylsden, pafupi ndi Manchester. Mbale wake Richard anaikonda nsaluyo, koma amene anakhala pansi n'kupeza njira yoti makina aziichita anali wantchito wawo, Samuel Holt. Pofika 1851 mataulo awo anali pa chionetsero chachikulu cha ku Crystal Palace mu London, ndipo Mfumukazi Victoria anaitanitsa mataulo 72. Dzina limene linatchuka ndi la Christy, ndipo mpaka lero likuoneka pa mataulo a osewera tenisi ku Wimbledon. La Holt ndi ochepa amalidziwa. Sindingatamandenso mafakitale a ku Manchester a nthawi imeneyo osanena kuti thonje lawo lambiri linkalimidwa ndi akapolo kumwera kwa United States. Kufewa kwa nsalu zimenezo kunali ndi anthu amene anakulipira ndi misana yawo.

Tsono tiyeni tiime pa makina, pakuti luso lagona pamenepo.

Makina wamba owombera nsalu amakhala ndi mpukutu umodzi kumbuyo, pomwe pamakulungidwa ulusi wa m'litali. A thaulo amakhala ndi iwiri. Wapansi umanyamula ulusi wa maziko, ndipo umagwiridwa mwamphamvu kuti ulusiwo ukhale gwa. Wapamwamba umanyamula ulusi wa timalupu, ndipo ndi womasuka: ukangokokedwa pang'ono, umapereka. Ulusi wa mipukutu iwiriyi umasakanikirana n'kudutsa m'mano a chipeso chachitsulo, chimene ntchito yake ndi kukankhira ulusi wopingasa pa nsalu yowombedwa kale.

Mzere woyamba wopingasa ukadutsa, chipeso chimaukankha koma osaufikitsa. Chimausiya patali pang'ono, mamilimita owerengeka kuchoka pomwe nsalu yathera. Mzere wachiwiri nawo chimaufikitsa pa woyambawo basi. Mukanati muimitse makina pamenepa, mukanaona kampata koyera kodutsa m'lifupi monse, ngati makina aphonya. Ndiye pamabwera mzere wachitatu. Apa chipeso chimabwera ndi mphamvu zake zonse, n'kukokolola mizere itatuyo pamodzi mpaka kukaigunditsa pa nsalu. Pa ulusi wa maziko, poti ndi wokungika, mizereyo imangotsetsereka. Koma ulusi womasuka uja walukana kale ndi mizereyo, wagwidwa, ukukankhidwira kutsogolo komwe kwatsekeka. Ulibe kolowera. Umapindika n'kutumphukira kunja, wina kumaso, wina kumsana, monga momwe mmisiri anaugawira. Timalupu ta mzere wathunthu, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, timabadwa nthawi imodzi ndi kumenya kumodzi.

Chimene chimandigometsa n'chakuti palibe singano, mbedza kapena chala chimene chimagwira lupu n'kulikweza. Amisiri a ku Bursa ankadzutsa timalupu ndi manja. Munthu wofuna kutsanzira zimenezi ndi makina akanatha kupanga zala zachitsulo zambirimbiri, zothyoka kawirikawiri. Njira imene inapambana inangokonza zinthu ziwiri, kusiyana kwa kukungika ndi kuchedwetsa kumenya, ndipo ulusi unayamba kudzipinda wokha. Ngakhale msinkhu wa lupu suchita kufuna chida chapadera. Kampata kaja kakakula, lupu limatalika. Kakachepa, limafupika, ndipo limaima pafupifupi theka la kampatako chifukwa ulusi umakwera n'kutsikanso. Lamba wosalala uja amene mumamuona cha kumapeto kwa thaulo amapangidwa pa makina omwewo, ndi ulusi womwewo: chipeso chimangoyamba kumenya mokwana mzere uliwonse, timalupu n'kuleka kutuluka.

Kunena n'kosavuta, koma kuchita kumafuna dzanja lodziwa. Mpukutu wapamwamba ukalimba pang'ono, timalupu timabwezedwa m'kati n'kufupika. Ukamasuka mopitirira, ulusi umakolana usanafike pa chipeso, ena n'kutulukira mbali yolakwika. Ndipo mpukutu ukamatha, kulemera ndi kukula kwake kumasintha, koma kukoka kwake kuyenera kukhala chimodzimodzi kuyambira thaulo loyamba mpaka lomaliza. Makina a lero amadutsitsa mizere mazana angapo pa mphindi, ena pouluzira ulusi ndi mpweya, ndipo kompyuta ndiyo imayang'anira kukungika. Ena m'malo mobweza chipeso amasuntha nsaluyo. Koma kuwerenga kwake n'komwe kuja: iwiri yosiyidwa, wachitatu wotseka.

Ulusi wa timalupu nawo ndi nkhani. Popota ulusi, ukapotedwa kwambiri umalimba koma umatseka mipata, ukapotedwa pang'ono umafewa ndi kumwa bwino koma umathothoka. N'chifukwa chake wa maziko amaupota kwambiri, kawirikawiri n'kuuphatikiza uwiri, pomwe wa timalupu amaupota mochepa. Apa mpamene thonje la ulusi wautali limaonetsa mtengo wake, chifukwa tiulusi tataliti timagwirana ngakhale titapotedwa pang'ono. Amisiri ena anafika popanga ulusi wosapota n'komwe. Poti wotere sungapirire pa makina, amaukulunga ndi kaulusi kena kosungunuka m'madzi otentha. Kaulusiko kamaugwira mpaka kuwomba kutatha, kenako pochapa kamasungunuka, thonje n'kutsala lofutukuka.

Pali china chimene alimi a thonje ku Chikwawa, Balaka ndi Salima amachidziwa ndi manja awo: thonje longothyoledwa kumene silimwa madzi msanga. Mukaliponya m'ndowa limayandama. Kaulusi kalikonse kamabadwa katakutidwa ndi phula lopyapyala limene limakankha madzi. Choncho thaulo longochoka pa makina, ngakhale timalupu take titaima bwino chotani, silingapukute munthu. Liyenera kuphikidwa m'madzi otentha a soda wamphamvu kuti phulalo lichoke, pamodzi ndi phala limene ulusi unapakidwa kuti usaduke powomba, kenako n'kuyeretsedwa ndi kutsukidwa mobwerezabwereza. Pamenepo m'pamene thupi lenileni la thonje limaonekera, ndipo ilo limakonda madzi. Dontho likakhudza nsonga ya lupu, limagwira ulusi n'kuyamba kuyenda lokha m'timipata topapatiza, monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Limachoka pamwamba n'kulowa pansi, nsonga n'kutsala yokonzeka kulandira lina. Thonje lilinso ndi khalidwe lina losowa: likanyowa limalimba kuposa likakhala louma. Nsalu imene moyo wake wonse ndi kunyowa, kufinyidwa ndi kuwiritsidwa singapemphe zoposa pamenepo.

Ku Imabari, mzinda wa pa chilumba cha Shikoku ku Japan, komwe kuwomba mataulo kunayamba mu 1894 ndi Abe Heisuke, anaika muyeso umene ndimaukonda chifukwa sufuna kukhulupirira mawu a wogulitsa. Amadula kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse, n'kukaika pamwamba pa madzi. Kayenera kuyamba kumira pasanathe masekondi 5. Kakachedwa, thaulolo silivala chizindikiro cha Imabari. Amisiri a kumeneko amatamanda madzi a m'mitsinje yawo, amene alibe miyala yambiri yosungunuka, poti amatsuka thonje osalisiya louma gwa.

Muyeso umenewu umavula zinthu zambiri zonyenga maso. Thaulo lina limakhala losalala mbali imodzi, lonyezimira, maluwa ake ooneka bwino. Kumeneko timalupu tametedwa nsonga, ndipo mbali yometedwayo simwa madzi ngati inzake. Lina limafewa modabwitsa m'sitolo, koma mukasamba limangotsetsereka pakhungu madzi ali pomwepo, chifukwa lapakidwa mankhwala ofewetsa amene amakuta ulusi ndi mafuta. Mankhwala ofewetsa zovala amene ena amathira pochapa amachita zomwezo. Zimandipweteka ndithu, chifukwa fakitale inawononga nkhuni ndi madzi kuchotsa phula, ife n'kulibwezeretsa ndi ndalama zathu.

Kulemera nakonso kumanamiza. Mataulo amayezedwa ndi magalamu pa mita imodzi mbali zonse, kuyambira cha m'ma 300 mpaka cha m'ma 900, ndipo ambiri amaganiza kuti lolemera ndiye labwino. Koma thaulo lili ndi ntchito ziwiri: kutenga madzi, ndi kuwataya. Timalupu timene timamwa madzi ndi tomwenso timawapereka ku mphepo, malinga mpweya ukutha kudutsa pakati pake. Thaulo lochindikala kwambiri limayenera nyumba imene ili ndi makina oumitsira. M'nyengo ya dzinja, mvula ikamagwa masiku otsatizana, limagona lonyowa n'kuyamba kununkha chuku. Mayi amene analera ana ndi matewera ansalu amaidziwa bwino mfundo imeneyi, pakuti thewera ndi nsalu ya timalupu yomweyi: liyenera kugwira mkodzo usiku wonse, kupirira kuwiritsidwa m'mawa, n'kuuma dzuwa lisanalowe. Kusita kumagoneka timalupu n'kuchepetsako kumwa kwake, komabe kumene kuli ntchentche zija zoikira mazira pa zovala zoyanikidwa, mazira amene amasanduka mphutsi pakhungu la mwana, simbi siyenera kusiyidwa. Chimene chimathandiza ndi kulikutumula mwamphamvu musanaliyanike pachingwe, kuti timalupu timene tagona pofinya tidzuke.

Luso limeneli lili ndi pofooka pake, ndipo pali pomwe pali mphamvu yake. Lupu silimangidwa mfundo. Limangopanidwa pakati pa mizere yopingasa, ndipo ulusi umodzi womwewo ndiwo umapanga timalupu tonse ta mu mzere wake kuyambira kumutu kwa thaulo mpaka kumapazi. Likakodwa ndi msomali kapena ndolo, inu n'kulikoka, mukubera anzake oyandikana nalo, ndipo pamatsala kanjira kopanda timalupu. Lotere amadula ndi sizasi pafupi ndi nsalu, ndipo thaulo silimasuka, chifukwa maziko ake sanakhudzidwe. Opanga mataulo ofunika kuchapidwa tsiku ndi tsiku amathana ndi vutoli pothinitsa maziko, pena powonjezera mzere wachinayi kuti lupu lililonse ligwidwe kolimba, ngakhale kutero kumadya ulusi ndi nthawi ya makina. Choncho mukamasankha thaulo, kaya m'sitolo kaya pa kaunjika, musakhutire ndi kulisisita. Lipindeni pa chala kuti timalupu tilekane, muone ngati maziko ake ndi othina kapena ngati kuwala kukudutsa, kenako mutsine lupu limodzi n'kulikoka pang'ono kuti mumve ngati likukana.