Ng'oma ya Khushwant Singh, Mwana wa ku Hadali

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike, pakuti dzina tikulitchula lero ndi lolemera. Mbalule itsogole, mpanje uvomere pansi. Khushwant Singh! Mwana wa ku Hadali, m'dziko la Punjab, wobadwa mu 1915 Mngelezi akadali pampando. Mwana wa Sobha Singh, mmisiri amene anamanga nawo New Delhi. Bambo anaumanga mzindawo ndi miyala, mwana anadzaulemba ndi inki.

Inu Wanduwira, Msikhi wa ndevu zosameta! Inu munaoloka nyanja kukaphunzira malamulo ku King's College ndi ku Inner Temple mu London, n'kubwerako kudzaimira anthu pamilandu m'khoti lalikulu la ku Lahore. Loya Wosakhutira, mkanjo wakudawo sunakukhaleni.

Apa ng'oma itsike mawu. Chaka cha 1947 dziko linang'ambika pawiri, uku India, uko Pakistan, mzere n'kudutsa pakati pa Punjab wanu. Anthu mamiliyoni anasenza mitolo, zikwi mazanamazana anathera m'njira. Inunso munatseka chitseko ku Lahore n'kulowera ku Delhi, mudzi wanu wobadwira n'kutsalira tsidya lina la malire. Wothawa Wosasunga Mangawa! Mboni ya Magazi! Ena anatuluka m'moto umenewo akuloza chala mtundu umodzi. Inu mu 1956 munatulutsa buku la Train to Pakistan, ndipo m'menemo simunasambitse aliyense: Msilamu anapha, Mhindu anapha, Msikhi mnzanu anaphanso.

Inu Mwini Mano Majra, kamudzi ka m'bukulo, m'mbali mwa mtsinje wa Sutlej, kumene anthu ankadziwira nthawi pa kulira kwa sitima yapamtunda! Munatiimika pasiteshoni tsiku limene sitima inafika ili zii, yodzaza mitembo, anthu a m'mudzi n'kulamulidwa kusonkha nkhuni ndi parafini. Munationetsa chingwe chomangidwa pamwamba pa mlatho kuti chisese othawa okhala padenga la sitima. Ndipo wokwera kukachidula sanali mfumu, sanali wophunzira wa m'tauni, sanali wapolisi. Anali Juggut Singh, chigawenga chodziwa ndende, Msikhi wokonda Nooran, mtsikana wachisilamu. Zipolopolo zikumulasa, iye ali kalikiliki ndi mpeni, mpaka chingwe phwa! Iye pansi, sitima n'kumudutsa pamwamba, anthu n'kupulumuka. Ine ndikafika pa tsamba limenelo ndimaimirira. Gundani ng'oma kawiri, kamodzi ka mlembi, kena ka Juggut!

Wolemba Mbiri ya Abale Ake, m'mabuku awiri a A History of the Sikhs! Wokayika za Mulungu koma womasulira mapemphero a Guru Nanak mwaulemu, kuti akutali awamve!

Tsopano ifulumire, ovina alowe m'bwalo! Mkonzi wa akonzi! Mu 1969 munalandira The Illustrated Weekly of India ikugulidwa makope 65,000, inu n'kuikweza kufika pa 400,000. Munakhalanso pampando wa National Herald ndi wa Hindustan Times. Munthu wa m'Babu la Magetsi, monga anakujambulirani Mario Miranda pamwamba pa danga lanu la With Malice Towards One and All, mutakhala pakati pa mabuku, botolo la kachasu wachizungu lili pambali! Mlungu ndi mlungu munkaseketsa anthu, munkatsina nduna, munkavula achinyengo ovala zachipembedzo.

Wotamanda woona sabisa chipsera, choncho tinene. Pamene nduna yaikulu Indira Gandhi anaika dziko pansi pa malamulo adzidzidzi mu 1975, atolankhani akutsekedwa pakamwa, inu munaimira kumbali yake ndi ya mwana wake Sanjay. Pamenepo, agogo, munaphonya, ndipo ife okukondani zimatipweteka mpaka lero.

Koma ilirenso mwamphamvu, chifukwa 1984 inafika. Asilikali atalowa ndi mfuti m'kachisi wa Golden Temple ku Amritsar, inu, phungu wa nyumba ya malamulo ya Rajya Sabha, munatenga mendulo ya Padma Bhushan imene boma linakuvekani mu 1974 n'kuibweza. Wobweza Mendulo! Wosaopa Mbali Zonse, amene munadzudzula boma ndipo munadzudzulanso Bhindranwale, Msikhi mnzanu wa m'kachisi muja, ndi anyamata ake a mfuti! Novembala wa chaka chomwecho, Asikhi akuphedwa m'misewu ya Delhi, munachokanso m'nyumba mwanu kukabisala, kachiwiri m'moyo umodzi. Cholembera simunachitaye. Delhi: A Novel inatuluka mu 1990, mbiri ya moyo wanu, Truth, Love and a Little Malice, mu 2002, ndipo mu 2007 dziko lomwelo linakuvekani Padma Vibhushan, yoposa ija munabweza.

Nkhalamba ya ku Sujan Singh Park mu Delhi, yodzuka tambala asanalire, yolemba pamanja, yofika zaka 99! Munatsikira kulichete pa 20 Malichi 2014, ndipo phulusa lanu lina linaoloka malire kubwerera ku Hadali.

Inu atolankhani achinyamata, inu nonse ofuna kulemba za mtundu wanu, funani Train to Pakistan muliwerenge mpaka pa mlatho paja. Amayi, nthungululu! Anyamata, ombani, dzina la Khushwant Singh limveke!