Manja, Njinga Yamoto ndi Mawu a Rosalía

Chimbale cha El Mal Querer chimene woimba wa ku Spain Rosalía anatulutsa pa 2 Novembala 2018 chinayamba ngati ntchito yomalizira maphunziro ake a nyimbo za flamenco pasukulu ya ESMUC ku Barcelona. Anatenga nthano ya Flamenca, ya m'zaka za m'ma 1200, yonena za mkazi amene mwamuna wake anamutsekera m'nyumba chifukwa cha nsanje, n'kuiduladula m'nyimbo 11, iliyonse ndi mutu wake. Zambiri anajambulira kunyumba kwa El Guincho, mnzake wa kuzilumba za Canary, ndi kompyuta ndi maikolofoni basi.

Kwa ine luso lawo lagona pa zimene anachotsa. Gitala, amene ndiye msana wa flamenco, samveka kawirikawiri. Mu "Malamente" chimene chanyamula nyimbo ndi kuwomba m'manja, kouma ndi kwapafupi, moti khutu limamva chikhatho chikukhudza chinzake. Pansi pake pali besi yolemera, pamwamba mawu ake opyapyala, ndipo pakati pali mpata umene wojambula wamantha akanathamangira kuudzaza.

"De aquí no sales" ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Pano Rosalía akuimba ngati mwamuna wa m'nthano uja, ndipo mmalo mwa ng'oma mukumveka njinga yamoto ikulizidwa, matayala akukhukhuluzika. Injini ikabangula, mawu amadukaduka. Nkhanza za m'banjamo zimakufika m'thupi ngakhale usakudziwa Chisipanishi. "Bagdad", imene inabwereka kamvekedwe ka "Cry Me a River" ya Justin Timberlake, ndi yokoma ndithu, koma ndi yosalala kwambiri poyerekeza ndi zinzake.

Dziko linachilandira chimbalechi ndi manja awiri. Mu 2019 chinapata mphotho ya Latin Grammy ya chimbale cha chaka, mu 2020 Grammy. Kwawo ku Spain kunabuka mkangano. Ena mwa anthu a mtundu wa Gitano ndiponso a ku Andalucía anadandaula kuti mtsikana wa ku Catalonia watenga kalankhulidwe kawo ndi nyimbo zimene makolo awo anazisunga ali pa umphawi ndi tsankho, n'kutchuka nazo pamene eni ake akuimbabe m'timabala. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo mphotho sizingalifufute. Komabe amene amati iye anangotola za eni amalakwitsa. Anakhala zaka zambiri pamapazi a mphunzitsi wake, El Chiqui de la Línea, ndipo mmene amapindira mawu mu "Que no salga la luna" zimaonetsa kuti asanaphwanye malamulo a flamenco anayamba wawadziwa bwino.